Tambala amene analira m'bokosi la agogo anu

Mavuto, chimene chalira m'thumba mwakomo n'chiyani? Usandinamize, makutu angawa anakalamba koma kulira kwa foni amakumva. Wati ndi za mvula? Ati mitsinje ikhoza kusefukira kuyambira mawa? Nanga ukuseka chiyani? Ukuseka chifukwa kunja dzuwa likuswa mtengo? Epa, ana inu. Bwerani kuno nonse pakhonde. Iwe Takondwa, bwera ndi nkhwani wakoyo uzisadzulira pano, chifukwa nkhani imene ndikufuna kunenayi mwini wake ndi iweyo, ngakhale sunaione ndi maso. Ine ndizisema mpini wangawu ndikulankhula, pakamwa sipagwira nsompho.

Ine amene mukundionayu sindinabadwire kuno. Ndinabwera nthawi ya nkhondo kuchokera kuseri kwa mapiri awo, ku Mozambiki, nditasenza mphasa ndi bulangete limodzi, ndevu zitangoyamba kumera. Nkhondo inandiphunzitsa kuti wopulumuka ndi amene wamva msanga. Kwathu kuja sitinkadikira kuti tione mfuti. Agalu akangoti zii, kapena nkhanga zikauluka masana popanda wozithamangitsa, tinkanyamuka osatseka ndi chitseko chomwe. Ndiye mungadabwe kuti munthu amene anapulumuka ndi makutu anadzasanduka bwanji gonthi wa dala atakalamba. Mtendere umanenepetsa makutu, ana inu.

Anzanga atabwerera kwawo nkhondo itatha, ine ndinatsala, chifukwa ndinali nditaona agogo anu aakazi, a Elube, akugulitsa nthochi pamsika wa Thambani. Ndinagula nthochi masabata atatu otsatizana mpaka m'mimba munandiuma. Ndinalowa chikamwini, ndipo apongozi anatiloza malo omangapo kumunsi kuja, m'mbali mwa mtsinje, pamene pano pali mchenga ndi bango. Inu mumangoti ndi kuchigwa, koma kumeneko kunali mudzi, ndi nkhokwe zake, makola ndi mitengo ya mango.

Masiku amenewo mtsinje uwu unali ndi alonda ake. Mudzi uliwonse wa m'mbali mwake unali ndi khasu lakutha, lopanda mpini, lopachikidwa pamtengo. Mvula ikagwa kumapiri, a kumtunda akangoona madzi asintha mtundu, ankaliguguda khasulo ndi mwala, ngwee, ngwee, ngwee. Mudzi wotsatira unkalandira, wina n'kulandiranso, mpaka kulirako kunkafika kuno madzi akadali m'njira. Wochapa ankasiya zovala pamwala, wa kudimba ankasiya nzimbe yodula kale. Panalibe wofunsa kuti wanena ndani. Koma makasu aja anatha. Ena anatoledwa ndi ogula zitsulo zakutha, ndipo mitengo imene ankapachikapo inalowa m'mauvuni a makala. Ine ndemwe ndinadulako iwiri, sindibisa.

Kenako kunabwera mafoni. Koma kuchigwa kuja netiweki kunalibe, ngakhale ukwere padenga. Malo okhawo amene foni inkagwira anali pachitunda cha kumanda. Anthu ankakwera mpaka m'mphepete mwa nkhalango, n'kuima atafulatira manda, kumakuwa ndi abale awo a ku Joni. Tinkaseka kuti akufa a mudzi uno amadziwa zinsinsi za banja lililonse. Pakati pa nkhalango penipeni m'pamene inkagwira bwino koposa, koma kumeneko munthu salowa popanda maliro.

Agogo anu anali ndi kafoni kakang'ono ka mabatani, kamene anawagulira mwana wathu woyamba Yohane, bambo ako iwe Mavuto. Sikanali ngati magalasi anuwa ofuna moto tsiku ndi tsiku ngati mwana woyamwa. Kameneko ukakatchaja Lolemba, kankafika Lolemba linzake. Anakasokera kathumba ka nsalu n'kumakavala m'khosi, mkati mwa bulauzi, usana ndi usiku. Meseji ikalowa kankalira ngati tambala, kokoliliko wathunthu, chifukwa wogulitsa ku Thambani anakatchera choncho ndipo tonse tinalephera kusintha. Ankati akapita kukatola nkhuni cha kuchitunda, tambala uja ankalira pachifuwa pawo, iwo n'kubwera naye kunyumba kuti Esinati, amayi ako iwe Takondwa, awawerengere. Maso awo anali atayamba kuchita nkhungu.

Chaka chisanafike chimene ndikunenachi, tambala uja analira ndi uthenga wa a zanyengo, woti mitsinje idzaza, anthu achoke m'zigwa. Agogo anu sanafune kumva zambiri. Anamanga mitolo, natikokera tonse kusukulu kumtunda. Tinagona pa simenti masiku awiri, mafupa angawa akudandaula, koma mtsinje sunakwere ngakhale chala chimodzi. Pobwerera tinapeza khola lotsegula, mbuzi ziwiri zitapita ndi anthu amene anawerenganso meseji yomweyo mwa nzeru zawo.

Mudzi unalankhula mwezi wathunthu. Ena ankati ndi akuba a pafoni omwe aja onamiza anthu kuti apambana mphoto. Ena ankati pali akuluakulu amene akusirira madimba athu, akufuna kutiopseza kuti tisamuke. Amayi ena a mpingo ankati uthenga wobwera wopanda nambala ya munthu si wabwino, ukauwerenga mpaka kumapeto umakhala walembetsa dzina lako kumalo oipa. Koma wa pakamwa kuposa onse ndinali ine. Pabawo ndinkati, mtsinje timagona nawo ndife, nanga wotiuza za mtsinje akhale munthu wa tayi amene sanaupondepo? Mnzanga wa pabawo, a Lapukeni, anawakonda mawu amenewa koopsa. Ankawabwereza paliponse, kumsika, kuchigayo, ngati nyimbo. Anali munthu wamtali, woseka ndi thupi lonse, ndipo ankanditchula kamarada, ndiye kuti mnzanga m'kalankhulidwe ka ku Mozambiki, pondinyogodola za kwathu.

Kunyumba ndinkawaseka agogo anu mpaka ndinaonjeza. Tambala weniweni akalira m'mawa ndinkati dzukani, a zanyengo akukuitanani. Iwo sankakwiya. Tsiku lina anangondiyang'ana akupeta, nati: "Inu bambo a Yohane, makutu anu amatseguka mawa lake."

Dzinja lotsatira anadwala chifuwa. Sabata ziwiri zokha, tinapita nawo kuchipatala, tinabwera nawo, ndipo Lachitatu m'mawa anatisiya. Za masiku amenewo sindikumbuka zambiri, ndinali ngati munthu woyenda m'madzi. Anasambitsa thupi ndi akulu awo, a Nasiwelo, mayi wa miyendo yotupa koma wa mawu olemera, amene pa mwambo sankapindika. Mwambo wa kwawo umati chimene munthu ankavala pakhungu, kaya ndi mikanda kaya ndi kachingwe ka m'khosi, sichimasulidwa, chimapita ndi mwini wake. Atapeza kathumba kaja pachifuwa, anakasiya pomwepo n'kuphimba ndi nsalu. Zozimitsa sanaziganize. Akanaganiza bwanji, poti kuchigwa kafoniko sikanalirepo n'kamodzi komwe? Ine sanandiuze, ndipo mkamwini safunsa za m'chipinda cha osambitsa.

Tsono mumvetsetse miyambo iwiri, chifukwa inu a masiku ano mumaidziwa mwa theka. Woyamba, mayi woyembekezera sapita kumanda. Esinati anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, pakati pake pali iweyo Takondwa, ndipo bambo ako ali ku Joni. Choncho anatsala pasiwa, m'nyumba yathu ya m'mbali mwa mtsinje, pamodzi ndi a Nasiwelo ndi amayi anayi ophikira anthu. Ana onse anali kusukulu. Wachiwiri, anthu akachoka kumanda salowa m'mudzi kapena kugwira mwana asanasambe. Kwathu kuno tinkatsikira kumtsinje tonse, amuna kumtunda, akazi kumunsi, n'kusamba m'manja, kumaso ndi miyendo. Wochokera kumanda osasamba akagwira woyembekezera, amati mimbayo ipita padera.

Tsiku loika maliro kunacha bwino kwambiri. Panali patatha masiku atatu mvula isanagwe, chimanga chitayamba kupota masamba. Kumwamba kunali mbee. Kutali kokha, pamwamba pa mapiri a kumalire, kunali mdima wotsika, wosayenda, wopanda bingu. Tinakwera chitunda dzuwa litapendeka pang'ono. Pakhomo la nkhalango mneneri wa mudzi, wolankhulira amfumu pamaliro, anatiimitsa monga mwa masiku onse, nati tivule nsapato ndipo aliyense azimitse foni yake, chifukwa maliro ena m'mbuyomo foni ya munthu inaimba nyimbo ya chamba pakati pa pemphero, mudzi n'kuchita manyazi. Anthu anatulutsa mafoni nazimitsa, wina aliyense, chifukwa a Elube anali munthu wolemekezeka. Ulemu umenewo ndi umene unatitseka makutu mudzi wonse, pamalo okhawo pamene tikanamva.

Adzukulu, ndikunena okumba manda osati inu, anatsitsa bokosi ndi zingwe. Awiri anali pansi kulikhazika bwino. Nyimbo inatha. Amuna awiri anandigwira m'mikono kundifikitsa pamphepete, chifukwa mwamuna wa malemu ndiye woyamba kuponya dothi. Ndinawerama, ndinatapa dothi lofiira lodzaza dzanja. Kunali chete woti ukanamva tsamba likugwa. Pamenepo, pansi pa dzenje, mkati mwa bokosi lokhomedwa misomali, tambala analira.

Kokoliliko wathunthu, ana inu, wotsekeredwa ndi matabwa, koma womveka kwa aliyense. Adzukulu awiri aja sindinaone m'mene anatulukira, ndinangowaona ali pamwamba, maso ali tong'o. Palibe anakuwa poyamba. Anthu anangobwerera m'mbuyo phazi limodzi onse pamodzi. Ndiye analiranso kachiwiri. Apo amayi ena anagwa pansi, ena anathawira m'tchire, mkulu wa mpingo anayamba pemphero losadziwika mutu wake.

Ine ndinadziwa kuti ndi kafoni kaja. Koma kudziwako sikunandichotsere mantha, kunawaonjezera. Onse amene anali ndi nambala ya a Elube anali ataima pomwepo, Yohane, alongo awo, anzawo a kwaya, mafoni awo ali ozima m'matumba. Nanga amene akulembera munthu wakufa ndani? 

Amene anatitsegula m'maso ndi Fatsani wa kabaza, yemwe uja mumamuseka mimba lero. Anati ngati wolembayo si munthu wa pano, ndiye kuti sanalembere malemu okha. Anayatsa foni yake mneneri akumuyang'ana ndi diso loipa, ndipo isanathe n'kuyaka komwe inalira. Wina anayatsa, inalira. Winanso. Posakhalitsa nkhalango yonse ya manda inali kulira tii tii, ngati mwalowa mbalame zachilendo. Uthenga unali umodzi, unabwera kawiri, m'Chichewa ndi m'Chizungu. Fatsani anawerenga mokweza. Unkati mvula yamphamvu yagwa kuyambira m'mawa m'mapiri a kumalire, mitsinje yochokera kumeneko idzaza mwadzidzidzi masana omwewo, aliyense wa m'mbali mwa mtsinje akwere kumtunda nthawi yomweyo.

Mukuganiza kuti anthu anathamanga? Ayi. Anapumira m'mwamba. Mantha a mzukwa atachoka, ena anayamba ndi kuseka komwe. Anayang'ana kumwamba, n'kuona dzuwa. Wina anakumbutsa za mbuzi zanga. Wina anati anthu awa alibe ulemu, akutsata munthu mpaka m'manda. Mayi wina yekha ankalira kuti ndi a Elube amene akutichenjeza, koma anzake anamukhazika chete. Ndiye a Lapukeni anakweza mawu, akundiyang'ana ine kuti andisangalatse pa chisoni changa: "Mtsinje timagona nawo ndife. Si choncho, kamarada?"

Anthu anavomereza ndi mitu. Akuluakulu anati mwambo upitirire, manda sasiyidwa osakwirira. Amuna aja anandigwiranso m'mikono. Mwamuna wa malemu sachoka pamanda dothi lisanaponyedwe, sathamanga, ndipo pobwerera amayenda pang'onopang'ono pakati pa anzake. Zonsezi ndinkazidziwa, ndipo ndine mkamwini, munthu wobwera, amene akalakwitsa amakumbutsidwa kwawo.

Koma nditamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina, pamwamba pa bokosi la mkazi amene ndinkamuseka nawo, ndinachita manyazi oopsa. Ndipo m'manyazimo makutu anga a nthawi ya nkhondo anadzuka. Ndinazindikira kuti m'nkhalango monse mulibe mbalame ikulira. Kamphepo kozizira kanakwera kuchokera kuchigwa, kali ndi fungo la matope atsopano, pamene mvula inali isanagwe masiku atatu. Kumunsi kuja kunali mwana wanga ndi mimba yake, kumene foni sigwira. Ndinadzipulumutsa m'manja mwa amuna aja n'kuthamanga, wopanda nsapato, nkhalamba ya jekete lakuda, kusiya mkazi wanga ali m'dzenje losakwirira. Kumbuyo ndinamva akuti chisoni chawazunguza mutu, agwireni. Amene ananditsatira ndi Fatsani yekha, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankabwera kudzandigwira kapena kudzandithandiza.

M'mudzi munali bata loopsa. Utsi wa ophika unkakwera mowongoka. Mtsinje unali pansi penipeni, miyala ikuoneka, koma pamwamba pa madzi pankayenda tithovu toyera ndi timitengo touma, ndipo madziwo anali atayamba kuoneka ngati tiyi wa mkaka. Nkhuku zonse zinali zitakwera padenga la nkhokwe masanasana. Galu wathu anali ataima panjira yokwera kumtunda, akulira chapansipansi.

Ndinakuwa kuti aliyense atuluke, madzi akubwera. Amayi ophika anandiyang'ana ngati aona mzukwa, poti mwamuna wa malemu wabwera yekha, thukuta lili kamukamu, mapazi ali ndi dothi la kumanda. A Nasiwelo anadzikoka mpaka pakhomo natsekereza ndi thupi lawo. Anati siwa sisiyidwa yopanda munthu anthu asanabwere kumanda, ndipo madzi a dzuwa iwo sanawaonepo chibadwire. Kumbuyo kwawo ndinaona Esinati atakhala pamphasa, maso otupa ndi kulira. Nditati ndilowe, anakweza dzanja.

"Alamu, simunasambe. Mukamukhudza mwanayu, mimba iyi mwaipha ndinu."

Ana inu, mawu amenewo ndinkawakhulupirira. Musaganize kuti ndinali munthu wa sukulu wonyoza miyambo. Ndinaima pakhomopo ndikudziwa kuti ndikamugwira ndikhoza kupha mdzukulu wanga, ndikamusiya ndikhoza kutaya onse awiri. Kusamba kunali kumtsinje, ndipo kumtsinjeko n'kumene kunali imfa. Esinati mwini wake sakanadzuka popanda chilolezo cha mayi ake aakulu, pa tsiku loika amayi ake.

Pafupi ndi nkhokwe panali khasu. Ndinaligulula mpini pomenya pamwala, ndinaligwira m'mwamba, ndinayamba kuliguguda ndi mwala. Ngwee, ngwee, ngwee. Panali patapita zaka zambiri chigwa chisanamve kulira kumeneko, koma amayi awiri achikulire mwa ophika aja anangotaya zipande n'kuyamba kukwera, miyendo yawo inakumbuka yokha. Enawo anatsatira. Ndinamva pambuyo pake kuti ngakhale kumanda kunamveka, ndipo nkhalamba zimene zinali kutsogolera anthu kukasamba zinaima pamphepete pa chitunda, n'kukana kutsika. A Nasiwelo nawo nkhope inasintha, koma pakhomo sanachoke. Ndinawakankhira pambali, mlamu wanga wamkulu, chinthu chimene mkamwini sachita. Ndinamugwira Esinati padzanja ndi dzanja langa la kumanda lomwelo, ndinamudzutsa. Fatsani anawabereka a Nasiwelo kumsana, iwo akumutukwana ndi kumumenya m'mutu njira yonse.

Tinkakwera pang'onopang'ono, poti munthu wa miyezi isanu ndi itatu sathamanga. Pakati pa njira tinakumana ndi a Lapukeni akutsika okha, malaya ali paphewa, akuseka. Anati manda akwiriridwa, koma anthu aima pamwamba ngati mbuzi zoopa mlatho, ndiye iwo akukasamba kuti awaonetse. Ndinawauza kuti abwerere. Ndinawachonderera, ndinatchula ndi dzina la amayi awo.

"Kamarada, mwasintha liti? Si inu munatiphunzitsa?" Anandisisita paphewa napitirira.

Ndikanamusiya Esinati n'kuwagwira. Koma manja anga anali awiri okha, ndipo onse anali pa mwana wanga.

Tisanafike pamwamba ndinaona makoswe ndi njoka zikuwoloka njira, zonse kuloza kumtunda, osalumana. Kenako kunamveka mkokomo, ngati malole onse a pachipata cha Mwanza alizidwa nthawi imodzi. Nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi. Titacheuka tinaona madzi akutuluka pokhota mtsinje, ofiira, aatali kuposa nyumba, atanyamula mitengo yoimirira ndi matumba a makala. Anafika pamalo osambira amuna poyamba. Kenako nyumba yathu, tenti ya anamalira, miphika pamoto pake, nkhokwe ndi nkhuku zake padenga, zonse zinangonyamuka ngati zinyalala za pabwalo. Ndipo nthawi yonseyo dzuwa linali kuwala. Pathupi pathu sipanagwe ngakhale dontho limodzi.

Mudzi wonse unali utaima pachitunda, nsapato zili m'manja. Aliyense ankadziwa kuti tambala uja akanapanda kuchedwetsa mwambo, nthawi imeneyo tonse tikanakhala tili m'madzi mpaka m'mawondo, amuna kumtunda, akazi kumunsi.

A Lapukeni anapezeka patatha masiku awiri, kutali kumunsi, atakodwa m'mizu ya mkuyu. Sanachite choipa chilichonse, ankangokasamba monga mwambo unenera. Anafa ndi mawu anga m'kamwa, ndipo chimenecho chimandipweteka mpaka lero. Bawo ndinasiya. Mukamandiona ndikupatsa akazi awo chimanga pokolola, musamafunse.

Tsono pali chimene sindinauzepo munthu. Madzulo ake kusukulu kumene tinathawira, povula jekete, ndinapeza m'thumba muli dothi. Dothi lija ndinatapa kuti ndiponye pabokosi, ndinaliika m'thumba pothamanga osadziwa. Mukudziwa zimene anthu amanena za munthu wosunga dothi la kumanda. Akanandipeza nalo akanati ndine mfiti, ndipo madzi aja ndaitana ndine. Ndinalimanga m'kansalu n'kulibisa m'nsapato yakale. Kukalibweza sindinafune. Mumtima ndinati a Elube sindiwatsanzika mpaka ndione chimene dzanja langa lachita pa mimba ya mwana wawo.

Mwezi umenewo unali wautali kuposa nkhondo. A Nasiwelo sankandilankhula. Esinati akangoti m'mimba mwapota, maso onse a m'kalasi m'mene tinkagona ankatembenukira kwa ine. Masana ndinkakwera kukaima m'mphepete mwa nkhalango ngati ofuna netiweki, pamene foni ndinalibe. Tsiku lachitatu, mafoni a anthu atalandiranso uthenga wa mvula ina, ine ndinamva tambala akulira chapansipansi pakati pa mitengo, ngati ali kutsidya la phiri. Fatsani akuti n'zosatheka, netiweki singalowe pansi pa dothi lochuluka choncho. Mwina akunena zoona, iye ndi wodziwa za mafoni. Koma ine ndinamva. Tsiku lachisanu ndinaima mpaka miyendo kuwawa, osamva kanthu, ndipo tsiku limenelo m'pamene ndinalira maliro a mkazi wanga.

Unabadwa chimanga chitayamba kucha, iwe Takondwa, kuchipatala cha ku Thambani, m'mawa dzuwa litakwera. Ine ndinali panja pansi pa mtengo, manja ali m'mutu. Ndinamva kulira kwako, kwaukali ngati kwa lero ukamakana kusamba. Amene anatuluka kudzandiuza ndi a Nasiwelo, akudzikoka ndi ndodo. Sanapepese, ndipo ine sindinapepese. Anangoti: "Alamu, bwerani mudzamunyamule. Manja anuwo ndi abwino."

Tsiku lomwelo ndinapempha mneneri ndi adzukulu awiri kuti andiperekeze kumanda, ndinati ndikufuna kuona pamene anagona mkazi wanga poti sindinaone akukwirira. Iwo ataima chapatali, ndinamasula kansalu kaja, ndinathira dothi pamtumbira. Linali litauma, linangoti waa. Ndinawauza agogo anu kuti mwana wabadwa, ndi wamkazi, ali ndi mphuno yawo. Ndinawauzanso kuti ndamva.

Anthu mpaka lero sagwirizana. Ena amati anatipulumutsa ndi a zanyengo, ena amati ndi a Elube, ndipo alipo ena amene meseji ikalowa amati akuba ayambanso. Chaka chatha inalowa kawiri madzi osabwera, ndipo ndinamva anyamata pachigayo akunena mawu ofanana ndi anga aja. Ndinawayang'ana mpaka anasiya. Chimene chinasintha n'chakuti pamaliro a mudzi uno mneneri amati zimitsani mafoni, koma imodzi ikhale yoyaka m'thumba la munthu wodziwa kuwerenga. Ndipo khasu limene mumaseweretsa lopachikidwa pamtengo wa mango apo si belu la masewera anu, ndi lomwe lija, tinalipeza m'matope madzi ataphwera.

Nkhwani watha, Takondwa? Kapereke kwa amayi ako. Wati kulibe? Apita kuti? Kukachapa kumtsinje?

Mavuto, tawerenganso. Ati kuyambira mawa? Mawa linali la makutu anga akale. Vala nsapato uthamange ukawauze kuti akwere, zovala azisiye pamwala. Iwe Takondwa, tenga mpiniwu uike m'nyumba, undipatse mwala uwo uli pafupi ndi phazi lako.